Batani lofiira la Amama

Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti msana wanga unachira. Ndimatha kuwerama, ndimamanga ndekha zingwe za nsapato, ndipo sabata yatha ndinanyamula chikwama cha mlendo wina mpaka kuchipinda chake popanda kubuula. Chimene sichinachire ndi ulemu wanga ku Maramba.

Amama amakhala okha kumeneko, m'nyumba imene anamanga ndi malemu atate atangofika kuchokera ku Katete, ine ndisanabadwe. Atate atamwalira tinayesa kuwatenga Amama. Ine ndimakhala cha ku Nakatindi, pafupi ndi loji imene ndimagwirako ntchito yolandira alendo, ndipo chipinda chinalipo. Anakana. "Ine sindine thumba la chimanga loti muzingonyamula," anatero. "Ndiwo zanga kuseri uku adzathirira ndani?" Tinawaleka, poti ngakhale zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri, tikamapita limodzi kumsika wotsalira m'mbuyo ndimakhala ine.

Ndiye kunabwera Okutobala wa chaka chatha, ndi dzuwa lija la kuno loti ngakhale anyani a ku mathithi amaleka kuba n'kukakhala pamthunzi. Tsiku lina Amama akusesa pabwalo anachita chizungulire. Anakhala pansi, osathanso kudzuka, mpaka ba Inonge, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, atawaona pampanda. Ife sanatiuze. Ndinamva kwa ba Inonge patapita masiku anayi, ndipo nkhani itafika kwa asisi anga a ku Lusaka, khutu langa linatentha ndi foni.

"Iwe uli komweko, ntchito yako n'chiyani?" anandifunsa. "Tsiku lina adzagwa popanda wowaona. Ngati sungapeze njira, Khirisimasi ikangotha ndibwera ndi galimoto kudzawatenga."

Asisi amakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, kopanda ngakhale dothi lodzala anyezi mmodzi. Nditawauza Amama zimenezi ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe. Anangoyang'ana dimba lawo, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandiopsa kuposa mawu a asisi. Ndinawagwira dzanja n'kuwalonjeza kuti sapita kulikonse, ineyo ndipeza njira yoti akavutika aziitana thandizo msanga.

(Apa ndiulule kanthu. Kuntchito anatiphunzitsapo kwa masiku awiri za chithandizo choyamba pangozi, n'kutipatsa pepala lokhala ndi chidindo. Anzanga anaika awo m'madilowa. Langa ndinaliika m'felemu, pabalaza, pamwamba pa chithunzi cha ukwati. Kuyambira pamenepo ndinkadziona ngati theka la dokotala.)

Njira yoyamba inali wenzulo, ngati wa oimbira mpira. Ndinamumangira kachingwe, n'kuwaveka Amama m'khosi. Ndinaiwala kuti ku Maramba wenzulo akalira masana, anthu amamva mawu amodzi okha: kawalala, ndiye kuti wakuba. Tsiku lachiwiri mbuzi ya munthu wina inalowa m'dimba, Amama n'kuona kuti kufuula n'kutaya mphamvu pamene chida chili pakhosi. Anaimba. Amuna anafika ndi ndodo kuchokera mbali zonse, napeza gogo akuthamangitsa mbuzi ndi tsache. Tsiku lachitatu anaimbira wanjinga wogulitsa makala amene anawapitirira osamva. Panabwera anthu awiri. Tsiku lachinayi anaimba pongofuna kuona, ndipo amene anabwera anali galu yekha.

"Kanthu kako n'kabwino," anandiuza, "koma anthu akazolowera msanga."

Njira yachiwiri inali foni. Amama ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo ndinakakonza kuti akakanikiza nambala 2 kwa kanthawi, kaziimba kwa ine. Tinayeserera kasanu, zinayenda bwino. Vuto linali loti iwo foni amailemekeza. Amaikulunga m'mpango n'kuiika m'kabati, kuseri kwa makapu a alendo, kuti isalowe fumbi. Nditadandaula, anayamba kuimangirira pamfundo ya chitenje. Lamlungu lotsatira ndili pakati polandira alendo asanu ndi mmodzi ochokera kutsidya la nyanja, foni inalira, dzina la Amama. Ndinasiya makiyi m'manja mwa mlendo n'kuthamangira panja. Ndinamva ulaliki. Amama anali atakhalira mfundo ija pabenchi la m'tchalitchi. Ndinamvetsera kwa kanthawi ndithu, kuopa kuti mwina pali mawu awo kumbuyo. (Unali ulaliki wonena za kudzikuza. Sindinautengere phunziro.)

Apa m'pamene ndinaganiza zogula chida chenicheni. M'tauni muli shopu ina ya zamagetsi, mwini wake bambo wa lilime lotsetsereka loti akhoza kukugulitsa ambulera mu Ogasiti. Ananditulutsira kanthu kofanana kukula ndi bokosi la machesi, ka chingwe chovala m'khosi, kokhala ndi batani limodzi lalikulu lofiira.

"Bosi, aka ni komaliza," anatero, Amama n'kumawatcha ambuya, kutanthauza agogo. "Ambuya bakagwa chabe, bakanikiza apa, kamatuma foni keka. Woyamba akakangiwa kuyankha, kayenda kuli wachiwiri. Mukamba nabo monga muli pamodzi. Olo mu manzi kasebenza."

Mtengo wake sinditchula, chifukwa mkazi wanga amadziwa kuwerenga. Ndinaikamo kakhadi ka foni, n'kulowetsa manambala. Yoyamba yanga, mwachidziwikire. Yachiwiri ya asisi, kuti aone kuti kuno sitikugona. Malo achitatu ndinawasiya opanda kanthu, ndinati ndidzaganiza bwino.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Maramba kachidako kali m'thumba la malaya. Ndinapeza Amama atavala kale mpango, dengu lili m'manja.

"Amama, khalani pansi ndikuphunzitseni."

"Wabwera osanena, ndiwo mulibe muno. Ndikufika pamsika ndi ba Inonge. Iwe uziyamba waphunzira wekha, ndikupeza."

Anatuluka. Ndinaika foni yanga patebulo, n'kuvala kachida m'khosi, ndipo ndinaona kuti malangizo awo anali anzeru. Mphunzitsi wabwino amakonzekera. Ndinafuna kuti akabwera ndiwaonetse zonse mwadongosolo: munthu amagwa chonchi, amagona chonchi, dzanja limapita pabatani chonchi. Ndipo poti okalamba ambiri amagwera m'bafa, ndinalowa m'bafa. Ndinakhoma chitseko ndi kaloko ka m'kati, chifukwa Amama amakhoma, ndipo ndinkafuna kuti zonse zikhale zenizeni. Ndinatunga madzi m'ndowa n'kuwaza pasimenti, kuti ndione ngati wa shopu uja ananena zoona za madzi.

Kugwa koyamba kunali kokongola. Ndinagwada pang'onopang'ono, n'kutsamira chigongono, n'kugona chammbali ngati mmene anatiphunzitsira. Ndinadzuka n'kuona kuti sizikukhutiritsa, palibe gogo amene amagwa mwaulemu chotero. Ndinati ndibwerezenso mofulumirako pang'ono. Ndinabwerera m'mbuyo sitepe imodzi kuti ndipeze malo, ndipo chidendene changa chinaponda kachidutswa ka sopo, kaja kopyapyala kamene Amama satha kutaya.

Za pakati sindikumbuka. Ndimakumbuka kuona mapazi anga onse awiri nthawi imodzi ali m'mwamba, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo chibadwire. Kenako ndinali chagada, mutu uli pakati pa ndowa ndi khoma, miyendo itatsamira chitseko, madzi onse a m'ndowa ali pa ine. Nditayesa kudzuka, msana unandibaya ngati wina walowetsa msomali wamoto. Ndinagonanso. Ndinagwedeza zala zakuphazi, zinagwedezeka, ndipo ndinathokoza Mulungu ndi pepala langa la m'felemu.

Pamenepo nkhope yanga inawala. Kodi si ine munthu wamwayi, wogwa ali ndi batani pakhosi? Ndinakanikiza. Kachida kanalira katatu, n'kuyamba kuimba. Patapita kamphindi ndinamva nyimbo ya kwaya ikuchokera pabalaza, yosangalala bwino. Inali foni yanga, patebulo paja. Ndinagona pamenepo n'kumamvetsera ndikudziimbira ndekha, woitana ine, woitanidwa ine, tonse awiri osatha kudzuka.

Nyimbo inatha. Kachida kanakhala chete pang'ono, n'kuyambanso kulira, ndipo ndisanakumbuke chifukwa chake, mawu a asisi anadzaza bafa lonse.

"Halo? Amama? Ndi kachida kaja? Amama, muli bwino?"

Owerenga anzanga, apa m'pamene pali tchimo langa lenileni. Ndikanangonena kuti asisi, ndine, ndaterereka, imbirani ba Inonge. Mawu ochepa chabe. Koma m'mutu mwanga munabwera chithunzi cha asisi akuuza banja lonse kuti wosamala Amama uja wapezeka chagada m'bafa la Amama omwewo, ndiponso chithunzi cha galimoto ija ikubwera Khirisimasi isanafike. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinaganiza zozimitsa kachidako mwakachetechete, ndidzanene pambuyo pake kuti kanalira kokha. Kabatani kozimitsira kali kumbali, ndipo kuti ndikaone ndinayenera kudzutsa mutu. Nditatero msana unabayanso, ndipo m'kamwa mwanga munatuluka kubuula kumene sindinadziwe kuti ndili nako, kwakuya, konga kwa ng'ombe imene yakanirira m'matope.

"Mayo, ndani ameneyo? Mwawatani amayi anga?" Foni inaduka.

Posakhalitsa ndinamva kafoni ka Amama kakulira m'kabati, kuseri kwa makapu, kumene anali atakabwezera. Kanalira mpaka kutopa.

Zimene zinachitika kumsika ndinazimva pambuyo pake, kwa anthu ambiri, aliyense ndi zokometsera zake. Asisi anaimbira ba Inonge akulira, kuti Amama avulazidwa m'nyumba. Ba Inonge anayang'ana pambali pawo n'kuyankha kuti, "Ambuya? Koma nili nabo pano, basankha kapenta." Anapatsa Amama foni ija. Asisi anafotokoza kuti amva mwamuna akubuula ngati akufa. Amama anadziwa kuti m'nyumba anasiyamo mwamuna mmodzi yekha. Anaponya dengu pansi, nati akuba alowa ndipo akupha mwana wanga, n'kuyamba kuthamanga.

Amene anaona amati sanaonepo gogo akuthamanga chotero. Ndipo gogo akamathamanga akulira pakati pa msika wa Maramba, sathamanga yekha. Anatsatira amayi a tomato, amayi a tinsomba ta kapenta, wina wa salaula, zovala za kaunjika zija, atanyamula chitsulo chopachikira zovala, ndi ba Mubita, kalipentala wa pakona, hamala ili m'manja.

Ine ndinamva chiphokoso chikuyandikira ngati mvula ya matalala. Chitseko cha kumaso chinatseguka mwamphamvu, mapazi anadzaza nyumba. Ena anayang'ana kunsi kwa bedi, ena kuseri kwa nyumba. Kenako wina anagwedeza chitseko cha bafa.

"Chokhoma mukati," anatero mawu a mwamuna. "Kawalala ali umu."

Ndinamva anthu akusuntha, kukonzekera. Kenako mawu a Amama, akupuma movutika, pafupi penipeni ndi chitseko.

"Mwana wanga, uli kuti?"

"Ndili muno, Amama."

"Akumenya?"

"Iyayi."

"Uli ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

"Nanga watani?"

"Ndagwa."

Ba Mubita ndi amene anafunsa, mwaulemu ndithu: "Mwagwa bwanji, bosi?"

Ndinaganiza mabodza atatu, onse osakwanira. "Ndimayeserera kugwa," ndinatero.

Anayamba ndi mayi mmodzi kumbuyo, kuseka kobisa m'chitenje. Kunafalikira mpaka pakhonde, kwa amene sanamve, ndipo ndinamva mawu anga akuperekedwa kuchokera pakamwa kupita pakamwa mpaka kumsewu, m'Chinyanja, m'Chilozi ndi m'Chitonga. Amama okha sanaseke. Ndinawamva akukhala pansi pomwepo, n'kunena motsitsa kuti zikomo Ambuye.

Chitseko chija chimatsegukira m'kati, ndipo miyendo yanga inali itachitchinga, choncho ba Mubita anachita kuchimasula m'mahinjesi. Atachichotsa, nkhope zoposa khumi zinasuzumira. Ndinayamba ndi kufotokoza kuti kunyowa kwa buluku langa n'kwa madzi a m'ndowa. Palibe amene anali atafunsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri anayamba kukayika nthawi imeneyo.

Anaganiza zondinyamulira pachitseko chomwecho. Ndili chigonere ndinayamba kupereka malangizo a kanyamulidwe ka munthu wovulala msana, kuti wina agwire mutu, tiwerenge mpaka katatu. Ba Inonge anandiyang'ana n'kunena kuti, "Imwe khalani chabe zii. Nasebenza mu wodi ku chipatala zaka zambiri, niziba." (Sindinkadziwa. Zaka zonsezi ndinkangowapatsa moni pampanda, osafunsa kuti asanapume ankagwira ntchito yanji.) Anandikulunga thaulo m'khosi, nalamula amuna anayi, ndipo anandisuntha bwino kwambiri moti sindinamve kanthu. Ndinatuluka m'nyumba ya amayi anga nditagona pachitseko cha bafa, batani lofiira lili pachifuwa, anthu ataima mbali zonse ziwiri. Mayi wina amene anafika mochedwa anayamba nyimbo ya maliro, anzake n'kumugwira pakamwa.

Kuchipatala anati palibe fupa lothyoka, ndi mnofu chabe umene wakokeka, ndigone masiku angapo. Amama analamula kuti ndikagone kwawo, kufupi. Mkazi wanga anavomera mofulumira kuposa mmene ndinkafunira.

Ndinagona masiku anayi pamatiresi pabalaza, ndipo poti ndinalibe chochita, ndinayamba kuona. M'mawa kulikonse, Amama asanatsegule n'komwe zenera, ba Inonge ankagogoda pampanda wa malata ndi chikombe, Amama n'kuyankha kuchokera m'kati. Dzuwa likakwera pankadutsa mayi wina wa kutchalitchi, tsiku lililonse wosiyana, ati kudzapempha moto kapena kudzabweza mbale. Masana ba Mubita ankabwera kudzamwa madzi ozizira a mumtsuko, ngakhale mpope uli pakhomo pa shopu yawo. Madzulo ba Inonge ankalowa osagogoda, ndi kiyi wawowawo.

"Amama, anthu awa amabwera chonchi masiku onse?"

"Chiyambire tsiku la chizungulire lija. Anagawana okha. Akuganiza kuti sindikudziwa."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Iwe umangobwera ndi zinthu m'thumba."

Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, kenako ananena osandiyang'ana: "Tsiku lija ndinaopa. Ndinakhala padzuwa paja ndikuitana, mawu osatuluka. Ndinaganiza kuti atate ako anapita anthu atawazungulira, ine ndipita ndi tsache m'manja. Kanthu kako aka sindikukakana. Kakadakhalapo tsiku lija ndikadakanikiza."

Asisi anaimba tsiku lomwelo, ndipo Amama anawayankha ine ndikumva. "Mlongo wako anangobuula kamodzi, theka la msika linafika madzi a m'ndowa asanaume. Kwanuko ndikabuula adzabwera ndani? Woyandikana naye nyumba umamudziwa dzina?" Asisi anayesa kunena za madokotala abwino a ku Lusaka, koma mawu awo anali atafewa. Za galimoto sanazitchulenso, kupatula kufunsa ngati ineyo ndikufuna kukakhala nawo kwa kanthawi, poti zikuoneka kuti wosayenera kusiyidwa yekha m'nyumba wapezeka.

Kachida kaja Amama amavala mpaka lero, m'kati mwa bulauzi. Manambala anasankha okha. Yoyamba ya ba Inonge, yachiwiri ya ba Mubita, yachitatu ya asisi.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe adzakuuza ba Inonge zonse zikatha. Ukamva msanga udzathamanga, ndipo ukathamanga tidzakhala ndi odwala awiri."

Phunziro ndinalitenga, ndipo ndimaliuza aliyense wa kholo lokalamba: usanagule kanthu, khala pansi ufunse mwini wake, ndiponso udziwe anthu amene amamuona tsiku ndi tsiku. Ndimalinena bwino kwambiri, ena mpaka amagwedeza mitu.

Koma mwezi uno kuloji akusintha tizida tochenjeza za utsi, tija tomata kudenga, ndipo akuluakulu anati takale tikhoza kutenga. Amama amaphika ndi mbaula m'nyumba nthawi yozizira. Ndinatenga kamodzi, ndinabwerekanso makwerero. Dzulo ndinawaimbira kuwauza kuti Loweruka ndikubwera kudzakamata, ndipo nthawi ino ndinakumbuka kufunsa ngati akuvomera.

"Denga langa n'lalitali," anatero.

"Ndikudziwa, Amama. Ndidzasamala."

"Chabwino, bwera. Koma ubwere chakum'mawa, ba Mubita asanapite kokagula matabwa. Ndiwauza ba Inonge asachoke."